Mafunso Anu: Masabata atatu wapansi kuzungulira mapiri a Annapurna

Makalata a mwezi uno akukhudza ulendo umodzi, wozungulira mapiri a Annapurna m'dziko la Nepal, womwe alendo amautchula kuti Annapurna Circuit. Ena mwa makalatawa tawafupikitsa.

Zikomo akuluakulu. Ndakwera Sapitwa kawiri osavutika. Anzanga akuntchito akuti chaka chamawa tikayende Annapurna Circuit. Ulendowu ndi wotani, nanga miyendo yozolowera ku Mulanje ikakwanira? (Wowerenga wa ku Blantyre)

Miyendo ikakwanira, achimwene. Munthu wotha kuchoka ku Likhubula n'kukafika ku Chambe chikwama chili kumsana, n'kudzukanso mawa lake kupitiriza, sangadabwe ndi zitunda za ku Nepal. Njira zambiri kumeneko n'zotakasuka chifukwa ndi njira za midzi, zodutsa nyulu zosenza katundu. Pokwawa pamiyala ngati pa Sapitwa palibe.

Chomwe Mulanje sangakuphunzitseni ndi kugona pamwamba. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo mumangokhalapo kanthawi n'kutsika kukagona ku Chisepo. Ku Annapurna mukagona kumtunda kwa mamita 3,000 pafupifupi sabata yathunthu, ndipo tsiku lovuta kwambiri mukadutsa pampata wa Thorong La, pa mamita 5,416. Pamenepo mukakoka mpweya kamodzi mumapeza pafupifupi theka la okosijeni amene munthu amapeza m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Njira yakale imayambira ku Besisahar, pa mamita pafupifupi 800, pomwe anthu amalima mpunga ndi nthochi. Imatsata mtsinje wa Marsyangdi kudzera m'midzi ya Jagat, Tal, Dharapani ndi Chame, kenako Pisang ndi Manang, komwe mitengo imayamba kutha ndipo nyumba zakale n'zamiyala, zamadenga afulati. Mukawoloka Thorong La mumatsikira ku Muktinath, malo opatulika kwa Ahindu ndi Abuda omwe, n'kulowa m'chigwa cha Kali Gandaki, pakati pa phiri la Annapurna la mamita 8,091 ndi la Dhaulagiri la mamita 8,167. Kuchoka apo ndi Jomsom, Marpha wa maapozi, akasupe otentha a ku Tatopani, chitunda chachitali chopita ku Ghorepani, mpaka kutulukira kufupi ndi mzinda wa Pokhara. Mtunda wake ndi makilomita pakati pa 160 ndi 230, malinga ndi pomwe mwakwerera ndi kutsikira galimoto, ndipo woyenda njira yonse amatha masiku 15 mpaka 20.

Pokonzekera, yendani masiku anayi kapena asanu otsatizana pa Mulanje, kuchoka nyumba ina kukagona ina, mutavala nsapato zomwe mukapite nazo. Limbikirani kuyeserera kutsika, chifukwa ndiko kumapha mawondo.

Tchuthi changa ndi masiku 12 okha. Ndamva kuti masiku ano galimoto zimafika mpaka ku Manang. Bwanji ndingokwera mpaka kumeneko n'kuyamba kuyenda? (Wowerenga wa ku Lilongwe)

Msewu wafumbi ulipodi, ndipo wadwalitsa anthu ambiri. Mukakwera galimoto ku Besisahar m'mawa n'kutsika ku Manang madzulo, ndiye kuti mwakwera mamita oposa 2,700 tsiku limodzi, kufika pa 3,540. Thupi silizolowera choncho. Limafuna masiku kuti liyambe kupuma mozama, impso zisinthe kayendetsedwe ka mchere m'magazi, ndipo zimenezi sizifulumizidwa ndi mphamvu kapena unyamata. Kawirikawiri anyamata amphamvu ndi amene amadwala, chifukwa miyendo imawalola kudumpha midzi.

Lamulo lomwe madokotala a zamapiri amatsata ndi ili: mukapitirira mamita 3,000, malo ogona usiku uno asapose a dzulo ndi mamita opitirira 500, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi mugone kawiri pamalo amodzi. Chowerengedwa ndi pomwe mwagona. Masana mutha kukwera pamwamba n'kubwerera, ndipo kuteroko kumathandiza.

Ngati masiku ndi ochepa, dulani kumunsi ndi kumapeto, osati pakati. Kwerani galimoto mpaka ku Dharapani, pa mamita pafupifupi 1,900, muyambire apo. Mugone ku Chame pa 2,670, ku Upper Pisang pa 3,300, kenako mudzere njira yakumtunda ya Ghyaru ndi Ngawal. Njira imeneyi n'yotopetsa kuposa yam'chigwa, koma imakufikitsani pafupifupi pa 3,700 masana musanatsikire ku Manang, ndipo mapiri amaonekera bwino kumeneko. Ku Manang mugone kawiri, ndipo tsiku lopumalo musalithere pabedi. Kwerani chitunda choyang'ana nyanja ya Gangapurna, kapena, ngati muli bwino ndithu, pitani ku Ice Lake pa mamita pafupifupi 4,600 n'kubwerako. Mukatero mugone ku Yak Kharka pa 4,050, ndiyeno ku Thorong Phedi pa mamita pafupifupi 4,500. Mukawoloka n'kufika ku Muktinath, pali galimoto zopita ku Jomsom, komwe mungakwere basi kapena kandege kopita ku Pokhara. Ndegezo zimauluka m'mawa mokha chifukwa dzuwa likakwera m'chigwacho mumawomba chimphepo, ndipo nyengo ikaipa siziuluka n'komwe.

Werengerani nokha: kuchokera ku Dharapani mpaka ku Muktinath ndi masiku 7 kapena 8, kuwonjezapo tsiku limodzi losungira nyengo yoipa, awiri a pamsewu, ndi ulendo wandege wochokera kuno womwe umadya masiku awiri popita, awiri pobwera. Masiku 12 sakukwana. Pemphani 16, apo ayi dikirani chaka china. Kuthamanga sikufika.

Ndine namwino, koma za matenda a pamwamba pa phiri sitinaphunzire kwenikweni. Ndingawazindikire bwanji, ndipo ndinyamule mankhwala anji? (Wowerenga wa ku Zomba)

Alipo atatu, mayi, ndipo awiri mwa iwo amapha msanga.

Oyamba, omwe amagwira anthu ambiri, amayamba patapita maola 6 mpaka 12 munthu atafika pamalo atsopano: litsipa, nseru, kusafuna kudya, chizungulire, kufooka. Amafanana ndi matsire a mowa. Wodwalayo asakwerenso tsiku limenelo. Amwe panado, amwe madzi, agone pomwepo. Akadzuka ali bwino atha kupitiriza. Ngati sizikusintha pakatha tsiku, kapena zikukula, atsike mamita 300 mpaka 1,000. Kutsika pang'ono chabe kumasintha zinthu modabwitsa.

Achiwiri ndi kutupa kwa ubongo. Munthu amadzandira ngati woledzera, amayankhula zosokonekera, amangofuna kugona. Muyeseni motere: jambulani mzere pansi, ayende pamzerepo chidendene chikukhudza zala za phazi linalo. Akalephera, atsike nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, ndipo asatsike yekha. Mankhwala ake ndi dexamethasone, mamiligalamu 8 poyamba, kenako 4 maola 6 aliwonse. Mankhwalawa amangokugulirani nthawi yotsikira. Vuto lake n'lakuti wodwalayo amakana kuti akudwala, poti chiwalo choganizira n'chomwe chatupa. N'chifukwa chake gulu ligwirizane lisananyamuke kuti pa nkhani yotsika, mawu a anzake ndiwo omaliza.

Achitatu ndi madzi m'mapapo. Aliyense amapuma wefuwefu pokwera, koma uyu amapuma wefuwefu atakhala pansi. Amatsalira m'mbuyo kuposa dzulo, amatsokomola, ndipo zikafika poipa amatulutsa makhololo athovu ofiirira, milomo n'kuda. Kawirikawiri amayamba usiku wachiwiri pamalo atsopano. Atsike osadzilemetsa, chikwama anyamule wina, ndipo ngati pali hatchi akwere. Mpatseni okosijeni ngati alipo, ndi nifedipine wosungunuka pang'onopang'ono, mamiligalamu 30 maola 12 aliwonse.

Wopewera ndi acetazolamide, yemwe ambiri amamudziwa kuti Diamox: mamiligalamu 125 m'mawa ndi madzulo, kuyambira tsiku limodzi musanafike pamwamba. Amachititsa dzanzi m'zala, amakodzetsa pafupipafupi, ndipo zakumwa za gasi zimasanduka zosakoma. Amene mankhwala a gulu la sulfa anawayambitsapo ziwengo zoopsa afunse dokotala kaye. Mapiritsi ogonetsa ndi mowa zisiyeni kumunsi, chifukwa zimachepetsa kupuma usiku. Ku Manang bungwe la Himalayan Rescue Association lili ndi kachipatala kotsegula m'nyengo za alendo, ndipo masana madokotala ake amaphunzitsa za matendawa. Pitaniko ngakhale ndinu namwino.

Pali ziwiri zokhudza ife ochokera kuno zomwe mabuku a alendo satchula kawirikawiri. China ndi malungo. Kumtunda kuja kulibe udzudzu wa malungo, koma mutha kulumidwa kwanu sabata yonyamuka, malungo n'kudzatulukira ku Manang. Litsipa ndi kufooka n'zofanana, koma kutentha thupi kwambiri ndi kunjenjemera si zizindikiro za matenda oyamba aja. Anthu akumeneko sangafulumire kuganiza za malungo, choncho nyamulani tizipangizo toyezera ndi LA wokwanira munthu mmodzi kapena awiri. China ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo. Amene ali ndi matendawa asayese n'komwe ulendowu. Amene anangotengera mbali imodzi, omwe ambiri sadzidziwa chifukwa sadwala, kapamba wawo amatha kutsekeka mitsempha pamwamba. Chizindikiro chake ndi ululu waukulu kumanzere, kunsi kwa nthiti. Kayezetseni magazi musanagule tikiti.

Tsiku lowoloka Thorong La limakhala lotani? Ena akuti ndi bwino kugona ku High Camp kuti mtunda uchepe. (Wowerenga wa ku Mzuzu)

High Camp ili pa mamita pafupifupi 4,900, ola limodzi kumtunda kwa Thorong Phedi, ndipo ola limenelo ndi chitunda choimirira kwambiri pa tsiku lonselo. M'pake anthu kukopeka. Koma wochokera ku Yak Kharka akakagona kumeneko wakweza malo ogona ndi mamita oposa 800, ndipo usiku umene amafunika tulo kwambiri amauthera akugubuduzika ndi litsipa. Ife tikuti gonani ku Phedi. Masana kwerani ku High Camp opanda chikwama, mumwe tiyi, mubwerere. Musanafike ku Phedi pali kachigawo kogumuka komwe miyala imagwa kuchokera kumtunda. Dutsanipo mmodzimmodzi, osaima kujambula.

Nyamukani cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, tochi ili pamphumi. Cholinga n'kufika pampata isanakwane 10 koloko, mphepo isanayambe. Mu November kuzizira kwa nthawi imeneyo kumatha kufika pa -10 kapena -15. Madzi a m'kapaipi koyamwira amaundana, choncho tengani botolo, mulisunge m'kati mwa jekete. Kukwera kumatenga maola 4 mpaka 6, ndipo pali timitunda tingapo tomwe timaoneka ngati mapeto pomwe si mapeto. Pampata penipeni pali mulu wa miyala, nsalu zamapemphero zamitundumitundu ndi kanyumba ka tiyi. Musakhalitsepo. Kutsikira ku Muktinath ndi mamita oposa 1,600, ndipo ndipomwe anthu otopa amaterereka. Ndodo ziwiri zoyendera ndi tizitsulo tomangirira kunsi kwa nsapato, togulidwa ku Kathmandu, likulu la Nepal, kapena ku Manang, zimathandiza pakakhala madzi oundana. Kutalika kwa chitunda chimenechi, chomwe chilibe malo ogona okwanira, n'chifukwa chake pafupifupi aliyense amawoloka kuchokera ku Manang osati ku Muktinath.

Chipale chofewa chikagwa usiku, kapena eni nyumba akakuuzani kuti musapite, musapite. Pa 14 October 2014, m'katikati mwa nyengo yomwe imadziwika kuti ndi yabwino, namondwe wotchedwa Hudhud anabweretsa chipale chambiri m'derali ndipo anthu osachepera 43 anafa, ambiri a iwo pafupi ndi Thorong La. Njira inakwiririka, anthu n'kusochera potsika. Tsiku losungira lija ntchito yake ndi imeneyi.

Kumidziko timagona kuti, timadya chiyani? Mimba yanga sichedwa kukwiya. (Wowerenga wa ku Chipata)

Tenti n'njosafunika. Mudzi uliwonse uli ndi nyumba zogona alendo zoyendetsedwa ndi mabanja. Chipinda chimakhala ndi mabedi awiri, makoma a matabwa opyapyala, opanda chotenthetsera. Moto umakhala m'chipinda chodyera mokha, m'mbaula yachitsulo, ndipo kumtunda kopanda nkhuni amasonkhezera ndowe zouma za yak, ng'ombe yaubweya ya kumapiriko. Chipinda n'chotsika mtengo chifukwa phindu lawo lili pa chakudya. Kugona pa uyu n'kukadya kwa uyo ndi mwano, ndipo ena amakweza mtengo wa chipinda mukatero.

Nsima yawo ndi dal bhat: mpunga, msuzi wa mphodza, ndiwo zamasamba, nthawi zina mbatata. Muidye kawiri pa tsiku ngati eni ake. Imaphikidwa tsiku lomwelo, imabwera yotentha, ndipo amawonjezera ulere mpaka mutakhuta. Nyama ya kumtunda nthawi zambiri imachokera kutali popanda filiji, ndiye wamimba yokwiya aisiye. Adzakuuzani kuti supu wa adyo amateteza ku matenda a pamwamba. Imwani, ngwokoma, koma musamudalire.

Madzi imwani malita 3 mpaka 4 pa tsiku, ndipo mkodzo ukhale woyera. Onse akhale otetezedwa, ngakhale otsukira mkamwa. Owiritsa ndi abwino. Pamwamba madzi amawira asanatenthe ngati kunyanja, koma kutenthako n'kokwanira kupha tizilombo. Mukathira mankhwala a klorini ngati WaterGuard, madzi ozizira kwambiri dikirani ola lathunthu, osati theka. Midzi ina ili ndi malo ogulitsira madzi oyeretsedwa odzaza m'botolo lanu, otsika mtengo kuposa a m'mabotolo apulasitiki. Tengani mapaketi a Thanzi ORS osachepera 10 ndi sopo. Kutsegula m'mimba pamwamba n'koopsa kawiri, chifukwa kumaumitsa thupi n'kubisa zizindikiro zina.

Mitengo imakwera limodzi ndi phiri, poti chilichonse chimabwera pamsana pa nyulu kapena pa munthu. Mbale ya ku Thorong Phedi imatha kuwirikiza kawiri mtengo wa kumunsi, ndipo madzi osamba otentha ndi kutchaja foni zimalipiridwa padera. Makhadi a kubanki sagwira m'midzi yambiri. Tapani ndalama za dzikolo zokwanira ulendo wonse ku Kathmandu kapena ku Pokhara, zambiri zikhale zing'onozing'ono.

Zovala za kozizira n'zodula. Za pakaunjika zingathandize? (Wowerenga wa ku Dedza)

Zambiri, inde. Pakaunjika fufuzani malaya amkati awiri aubweya kapena a polyester, juzi ya fleece, buluku louma msanga, jekete yosalowa madzi ndi mphepo, chipewa chophimba makutu, magolovesi opyapyala ndi ena okhuthala, ndi masokosi aubweya mapeyala anayi. Werengani kachikwangwani ka m'khosi: thonje ayi, jinzi ayi. Thonje limamwa thukuta, silimauma, ndipo mukaima limakuziziritsani.

Jekete yanthenga ndi thumba logonamo lopirira -10 musagule. Amabwereketsa pa tsiku m'mashopu a ku Thamel mu Kathmandu ndi ku Lakeside mu Pokhara. Zosabwereka ndi nsapato. Zikhale zogwira akakolo, zokhala ndi mpata wa chala chimodzi kutsogolo kuti zikhadabo zisafe potsika, ndipo muziyendere miyezi iwiri musananyamuke. Pomwe payamba kutentha paphazi matanipo pulasitala nthawi yomweyo, thuza lisanatuluke.

Magalasi a dzuwa akhale enieni otchinga kuwala kwa UV. Kunyezimira kwa chipale kumawotcha maso, ululu n'kuyamba usiku, ngati mwathiridwa mchenga. Khungu lakuda nalonso limapsa kumeneko, makamaka mphuno ndi milomo. Foni ndi mabatire muzigona nazo m'thumba logonamo, apo ayi m'mawa mupeza zatha moto. Chikwama chonyamula nokha chisapose makilogalamu 10.

Ndili ndi pasipoti ya Zimbabwe, mkazi wanga ya Malawi. Tikonze mapepala anji, ndipo tipite mwezi uti? (Wowerenga wa ku Harare)

Akazi anu atha kupeza viza pabwalo la ndege la Tribhuvan ku Kathmandu, madola 50 ya masiku 30. Inu bambo ayi. Zimbabwe ili m'gulu la mayiko ochepa omwe nzika zake ziyenera kutenga viza ku ofesi ya kazembe wa Nepal zisananyamuke, ndipo ofesi yotere ili ku Pretoria. Yambani msanga. Za madola nazonso yambani msanga, chifukwa kwacha sasintha kumeneko.

Derali ndi lotetezedwa, ndipo pamafunika chiphaso cha ACAP, bungwe loteteza chilengedwe cha deralo, chomwe amachiona m'malo angapo m'njira. Kuyambira pa 1 April 2023, bungwe la Nepal Tourism Board linalamula kuti alendo aziyenda ndi wowatsogolera wovomerezeka, wopezeka kudzera ku kampani yolembetsedwa, ndipo kampaniyo ndi yomwe imakonza ziphaso. Mukalemba wonyamula katundu, mmodzi amasenzera anthu awiri, katundu yense asapose makilogalamu 20 kapena 25. Funsani ngati kampani yamulipirira inshuwalansi, ndipo onani ndi maso anu kuti ali ndi nsapato, jekete ndi magalasi. Ambiri mwa iwo ndi a kumunsi kotentha, ndipo matenda a pamwamba amawagwira ngati inu nomwe. Akadwala asabwezedwe yekha.

Inshuwalansi yanu ilembe poyera kuti ikukhudza kuyenda mpaka mamita 6,000 ndi kunyamulidwa pa helikoputa. Zambiri zimalekezera kumunsi kwa pamenepo, ndipo helikoputa imadya madola masauzande.

Miyezi yabwino ndi October ndi November, kumwamba kuli mbee, kenako March ndi April, maluwa a rhododendron atachita psuu m'nkhalango za ku Ghorepani. June mpaka September ndi dzinja lawo: misundu, matope ndi kugumuka kwa misewu kumunsi. Kuyambira kumapeto kwa December mpaka February chipale chimatseka mpata kawirikawiri.

Pali miyambo yoti tisaphwanye? (Wowerenga wa ku Mangochi)

Moni ndi "namaste", manja atagundana pachifuwa. Idyani ndi kupereka zinthu ndi dzanja lamanja, monga kwathu. Chomwe chakhudza pakamwa panu musapatse wina, ndipo pomwera botolo la gulu milomo isakhudze. Kumtunda, kwa anthu achibuda, mupeza makoma a miyala yolembedwa mapemphero ndi tinsanja toyera pakati pa njira. Dzerani kumanzere kwake kuti zikhale kudzanja lanu lamanja, ndipo musakhalepo kapena kutolapo mwala. M'nyumba zopemphereramo vulani nsapato ndipo pemphani musanajambule. Ana musawagawire maswiti kapena ndalama.

Mukamva mabelu kutsogolo kapena kumbuyo, ndi nyulu zikubwera ndi katundu. Imani kumbali ya phiri, osati ya phompho, chifukwa katundu wake ndi wotambalala kuposa nyamayo ndipo siidziwa zimenezo. Pamilatho yolenjekeka dikirani zonse zithe kuwoloka musanapondepo.